ZA M'MUNDA NDI ZA M'THENGO: Ulendo wathu ku munda wa mitengo wa ku Zomba

Mwezi wathawu tinatsiriza mau athu a nkhokwe ndi anankafumbwe, ndipo tinalonjeza kuti m'mwezi uno tidzakamba za kubzala mitengo, popeza mvula yafika pakhomo. Lonjezolo sitinaliiwale ai. Koma tisanagwire khasu, tiyambe takusimbirani za ulendo umene tinayenda pamodzi ndi mabanja ena a m'midzi ya kuno kwathu, kukaona munda wa mitengo ndi maluwa umene uli mu mzinda wa Zomba, m'tsinde mwa phiri, m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi. Pakuti zimene tinaona ndi kumva kumeneko zasintha zambiri za zomwe tinati tikulembereni.

Pamene tinayamba kupangana za ulendowu, mkulu wina wa imvi, amene mau ache salephera kumveka pa bwalo, anatiseka nati: "Kodi mwasowa chochita? Kulipira galimoto kuti mukaone mitengo! Ine ndinabadwira m'mitengo, ndakulira m'mitengo, ndipo tsiku langa likadzakwana mudzandigoneka pansi pa mitengo. Nanga mwana wa sukulu akandiuza chiani chimene sindichidziwa?" Ambiri anambvomereza, ndipo ife tomwe tinasowa pomyankhira. Koma mdzukulu wache wamkazi, mwana wa zaka 12, anamuumiriza masiku atatu osaleka, kufikira mkuluyo anabvala jekete lache nakwera nafe, akali kunyinyirika.

Tinafika dzuwa litakwera kale, fumbi la mwezi wa Novembala litatiyeretsa m'maso. Koma titangolowa pa chipata mphepo inasanduka yozizira, ndipo phokoso la galimoto linamira m'mkokomo wa madzi otsika pa miyala. Anatilandira mnyamata wina wa nchito ya m'mundamo, amene tinampempheratu kuti atiyendetse. Iye anayamba watikhazika pa udzu, natiuza mbiri ya malowo.

Munda uwu ngwakale kuposa agogo athu onse amene ali moyo. Unayambika m'chaka cha 1891, chaka chomwecho chimene Angerezi anaika dziko lino pansi pa ulamuliro wao, Harry Johnston nakhala mkulu woyamba wa Boma lao pa Zomba. Amene anautsegula ndi Alexander Whyte, munthu wa ku Scotland wodziwa za zomera, amene anali atakhala zaka zambiri pa chilumba cha Ceylon, chimene lero chitchedwa Sri Lanka. Anaulima pafupi ndi nyumba yaikulu ya Boma imene John Buchanan anamanga m'chaka cha 1886. Tsono tisanamizane, abale: mundawo sanaulimire ife a m'midzi iai. Anafuna malo oyeserapo mbeu za maiko ena, kuti aone imene idzalola nthaka yathu ndi kubweretsa ndalama m'minda ya Azungu. Masiku amenewo mtima wao wonse unali pa khofi. M'chaka cha 1878 Jonathan Duncan ananyamula mbande zitatu za khofi kuchokera ku munda wonga womwewu wa ku Edinburgh. Ziwiri zinafa, imodzi inakhala moyo pa Blantyre, ndipo mbeu zache zinadzaza minda yambiri ya kumapiri kuno, kotero kuti mtengo wa khofi unajambulidwa pa chidindo cha Boma la nthawi ija. Koma chitangopita chaka cha 1900 malonda a khofi anagwa, fodya ndi thonje ndi tiyi zinalowa m'malo mwache. Munda wa pa Mulunguzi unatsala. M'chaka cha 1987 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe loyang'anira mundawu pamodzi ndi nyumba yosungira zomera zouma, ndipo minda ina iwiri yotere iri ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Chimene anachilimira eni mphamvu a kale, lero nchathu tonse, ndipo mwana wa m'mudzi alowamo monga alowa mwana wa nduna.

Titanyamuka kuyenda, mnyamatayo anachita kanthu kamene sitinakayembekeze. Anaitana ana kuti atsogole, ndipo pofika pa mtengo anali kufunsa kuti, "Uwu ndi mtengo wanji?" Poyamba anafunsa za mitengo imene anawo aiona masiku onse: bulugamu, paini, malaina, mango. Anayankha mopfuula, molimbirana, ife makolo tikunyadira. Pamenepo iye anati: "Mwakhoza, koma dziwani kuti yonse mwaitchulayi njachilendo. Bulugamu kwao ndi ku Australia, paini amene adzaza phiri ili kwao ndi ku Mexico, malaina ndi mango kwao ndi ku India ndi maiko oyandikana nako. Tiyeni tsopano kwa eni dziko." Anawaimika patsinde pa mtengo waukulu woongoka, wa thunthu loti amuna awiri sangalizinge ndi mikono, nafunsanso. Kunali zii. Wina anati mkuyu, wina anati mango a m'thengo, otsala anayang'ana pansi.

Mkulu wathu uja sanathe kupirira. Anagogoda ndodo yache pansi nati: "Ana inu, simuchita manyazi? Mbawa iyi! Mtengo wa zitseko ndi mipando, mtengo umene makolo anasema mabwato!" Mnyamatayo anaomba m'manja mwaulemu, nati: "Zikomo agogo, mwanena zoona. Nanga kumudzi kwanu mbawa iri pati, kuti anawa akabwerera akaione?" Mkuluyo anatsegula pakamwa, natsekanso. Anawerenga ndi zala: ija ya pa dooko anaicheka chaka chimene anakwatitsa mwana wache woyamba, ziwiri za kumtunda kwa mtsinje anazigula munthu wa matabwa wa m'tauni, yotsiriza inapsa ndi moto wa osaka mbewa. Potsiriza anati chapansipansi, "Palibe." Ndipo kuyambira pamenepo sananyinyirikenso, koma anayenda patsogolo penipeni, mdzukulu wache atamgwira dzanja.

Ife talingalira kwambiri za kanthawi kameneko. Ana aja sanali opusa, ndiponso sanali aulesi. Munthu sangadziwe dzina la chinthu chimene sanachione. Ife akulu tidzudzula ana kuti sadziwa za makolo, pamene ndife tomwe tinagwira nkhwangwa.

Pa mitengo ina anakhomapo timatabwa tolembedwa maina a Chilatini, ndipo mai wina anafunsa chifukwa chache asautsa anthu ndi mau opotola lilime. Yankho lache linatikhutiritsa. Mtengo umene ife titi mlombwa, ku Zimbabwe ati mukwa, ku Tanzania ati mninga, ku Mozambique ati umbila. Tsono anthu ophunzira a maiko onse anapangana kuti chomera chiri chonse chikhale ndi dzina limodzi la mau awiri, loyamba la pfuko lache, lachiwiri lachelache, monga munthu ali ndi mfunda ndi dzina. Mwambo umenewu anaukhazikitsa Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753. Chimene chinatiwawa pang'ono nchakuti m'maina ambiri a mitengo yathu muli maina a alendo. Msuku autcha Uapaca kirkiana, kukumbukira John Kirk, dotolo amene anayenda ndi David Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire kuyambira 1858 kufikira 1863. Mkweranyani autcha Newtonia buchananii, kukumbukira Buchanan uja. Sitikana kuti anthuwo anagwira nchito yaikulu, kutola masamba ndi kuwatumiza ku munda wa Kew ku London. Koma panali munthu wa kuno amene anawatsogolera m'thengo, nawalozera mtengo, nawauza nchito yache, ndipo dzina la munthu ameneyo silinakhomedwe pa thabwa liri lonse.

Komabe pali chomera chimodzi chimene chinalowa m'mabuku a dziko lonse ndi dzina lache la kwathu, ndipo nkhani yache mnyamatayo anatisimbira titapumula pa mthunzi wa nsungwi. Ndicho kombe, chomera choyanga cha ku chigwa cha Shire, chimene ophunzira achitcha Strophanthus kombe. Alenje a Chimang'anja anali kusinja mbeu zache ndi kupaka ulembewo pa mibvi, ndipo nyama yolasidwa sinali kupita patali. Kirk anatengako pang'ono nasunga m'thumba momwe munalinso mswachi wache. Tsiku lina potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, nayesa kuti ndi kwinini amene anali kumwa kawirikawiri. Koma posachedwa anazindikira kuti mtima wache, umene unali kuthamanga chifukwa cha chimfine, wayamba kugunda pang'onopang'ono. Anadziwa kuti ndi kombe. Pambuyo pache dotolo wina wa ku Edinburgh, Thomas Fraser, anayesa mbeuzo zaka zambiri, ndipo m'chaka cha 1885 anauza madotolo anzache kuti muli mankhwala olimbitsa mtima wofooka. Kuyambira pamenepo mbeu za kombe zinatuluka m'dziko muno m'matumba kunka ku Ulaya, ndipo odwala mtima ambirimbiri anathandizidwa, angakhale masiku ano madotolo atembenukira ku mankhwala ena. Taonani tsono: nzeru yoyamba inali ya mlenje wa ku Shire, amene anadziwa kuti kambeu aka kaimitsa mtima wa nyama, koma phindu la malondawo linakhala la amene analemba ndi kuyesa. Tinena izi kuti ana athu a sukulu amve, pakuti m'thengo mwathu mukali zambiri zodikira munthu wozilemba. Ndipo tichenjeze: kombe ndi ulembe wakupha, muyeso wochiza ndi muyeso wakupha zitalikirana pang'ono chabe, ndipo munthu asayese kumwa kapena kumwetsa mnzache.

Nkhani ya mankhwala itayambika, agogo ena aakazi amene anali chete ulendo wonse anamasuka. Anati m'masiku a utsikana wao, mai wao powatuma khungwa la mankhwala anali kuwalamula kuti asende kachigamba kakang'ono mbali ya kum'mawa ndi kena mbali ya kumadzulo, osazunguliza mtengo. Ndipo pokumba muzu atengeko umodzi, nakwirire dzenje. Anati iwo anayesa kuti ndi mwambo chabe, woti mankhwala agwire. Mnyamatayo anakondwa ndithu, nati: "Agogo, mai wanu anadziwa zimene ife tinaphunzira m'mabuku." Ndipo anafotokoza kuti mtengo umwa ndi mizu, koma chakudya chache chipangidwa m'masamba ndi kuwala kwa dzuwa, chakudyacho chitsikira ku mizu podzera m'kanyama kofewa kamene kali pansi pa khungwa. Mukasenda mbali imodzi, njira itsala mbali zinazo, ndipo bala lipola. Mukazunguliza, mwadula njira yonse. Masamba akhala obiriwira miyezi ingapo monga palibe kanthu, koma mizu iri kufa ndi njala, ndipo chaka chamawa mtengo wauma chiriri. Amene aona matumba a makungwa ogulitsa m'misika ya m'tauni adziwa kuti osenda a masiku ano satsata lamulo la mai uja. Tionjezepo mau athu, amene tawanena kale m'masamba ano: kudziwa mitengo ya mankhwala nkwabwino, koma mwana akatentha thupi mthamangire naye ku chipatala tsiku lomwelo, pakuti malungo sadikira kuti muzu uwire.

Za nyumba yosungira zomera zouma, imene iri mu mzinda momwemo, tinene mwachidule. M'menemo asunga zitsanzo zoposa 100,000, pakuti m'dziko lathu muli mitundu ya zomera pafupifupi 6,000. Machitidwe ache ngosabvuta. Athyola kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa kapena zipatso, akaika pakati pa mapepala a nyuzi, natsindika ndi cholemera, nasintha mapepalawo kufikira kauma. Pamenepo akamata pa pepala lolimba, nalemba malo, tsiku, dzina la wotola, dzina la chomeracho m'chinenero cha eni malo, ndi nchito yache. Mphunzitsi ali yense wa sukulu ya kumudzi akhoza kuchita chomwecho ndi matabwa awiri ndi njerwa zinai. Buku lodziwika la zomera zothandiza za dziko lino, limene Jessie Williamson anatulutsa m'chaka cha 1955, linadzala ndi zimene amai a m'midzi anamuuza za ndiwo, zipatso ndi mizu. Amai otere akalipo m'mudzi uli wonse, koma sadzakhalapo masiku onse.

Dzuwa litapendeka, mnyamatayo analoza kumwamba ku phiri, nayamba nkhani imene inatikhalitsa chete tonse. Whyte uja, m'chaka chomwecho cha 1891, anakwera phiri la Mulanje napeza nkhalango za mkungudza, mtengo wa pfungo lokoma umene chiswe sichiudya, umene sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi koma pa phiri limenelo. M'chaka cha 1894 unatchedwa Widdringtonia whytei, ndipo m'chaka cha 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa pfuko lathu. Ulemu umenewo sunaupulumutse. Anaucheka Azungu, anauchekanso a Boma, potsiriza anaucheka akuba usiku ndi usana, anyamata osauka nasenza matabwa pamutu kutsika nao m'matanthwe chifukwa cha tindalama tochepa, pamene olemera nao anali ena. Moto wa chaka ndi chaka unapsereza mbande, ndipo nsabwe za mitengo zimene zinaoneka m'dziko muno m'chaka cha 1986 zinafooketsa yotsalayo. Pamene anthu anayendera phiri lonse m'chaka cha 2017 kuwerenga mitengo yaikulu yamoyo, anapeza 7 yokha. Mkulu wathu anafunsa kawiri, kuyesa kuti sanamve bwino.

Chimene chinapulumutsa mtunduwo kuti usatheretu nchakuti anthu a kale anabzalako mkungudza m'malo ena, monga pamwamba pa phiri la Zomba lomweli. Mbeu za mitengo yobzalidwayo ndizo anazifesa m'manazale a m'midzi yozungulira Mulanje kuyambira chaka cha 2016, anthu a m'midzimo nalera mbande mazanamazana ndi kuzibwezera ku phiri. Kaya zidzakula, zidzaoneka ndi adzukulu athu, pakuti mkungudza sufulumira ndipo moto sunaleke. Koma apa ndipo tinamvetsa nchito yeniyeni ya munda wotere. Uli monga nkhokwe ya mbeu imene mai wanzeru saitsegula angakhale m'mwezi wa njala.

Bambo wina anafunsa ngati nzoona kuti mitengo iletsa napolo. Tinakondwera kuti mnyamatayo sanamnamize. Anati m'mwezi wa Disembala 1946 napolo anatsika m'phiri la Zomba, nagumula milatho, napha anthu, pamene mitengo inali yambiri kuposa lero. Mvula ikapyola muyeso, phiri ligumuka ndithu. Koma phiri lometedwa ligumuka msanga ndi mvula yochepa, ndipo amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'mwezi wa Malichi 2023 ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe, pamene anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, safuna wowauza. Ndiponso pali chionongeko china chosamveka mkokomo, cha mvula ya masiku onse imene ikokolola nthaka pang'onopang'ono. Madzi a Mulunguzi athira mu Likangala, a Likangala athira m'nyanja ya Chilwa. Dothi lochoka m'mapiri likakhala pansi pa nyanjayo, imene njosaya kale, ndipo inaphwa m'zaka za 1968 ndi 1995, niphwanso mbali yaikulu mu 2018. Wodula mtengo kumtunda ndi msodzi wa matemba kumunsi sadziwana, koma adyera mbale imodzi.

Tsopano tifike pa lonjezo lathu lija, pakuti nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, ndipo wobzala ndi mvula yoyamba apambana wobzala mu Malichi. Tilemba zimene tinafunsa ndi kuuzidwa, pamodzi ndi zimene taziona tokha.

Ambiri adandaula kuti msuku sulola kubzalidwa. Zifukwa zache nzitatu. Choyamba, mbeu yache siikhalitsa: mukaisunga pa denga monga chimanga, ifa m'masabata owerengeka, idyeni sukulo lero, tsukani mbeu, fesani mawa. Chachiwiri, mizu ya msuku ikhalira pamodzi ndi timizu ta bowa tosaoneka ndi maso, timene tiithandiza kumwa chakudya cha m'nthaka. Chifukwa chache potenga dothi la m'machubu, sakanizanimo dothi la pansi pa msuku waukulu. Ubale womwewo ulipo pakati pa bowa wa ndelema ndi mitengo ya mombo ndi mchenga, ndipo ndicho chifukwa chache nkhalango ikatha bowa athanso. Chachitatu, misuku iripo yaimuna ndi yaikazi. Yaimuna ichita maluwa koma siibala, ndipo simungaizindikire ikali yaing'ono. Wina aulera zaka 10, naupeza ngwaumuna, naudula ndi mkwiyo, osadziwa kuti popanda uwo yaikazi siibala. Bzalani ingapo pamodzi. Akatswiri amene anagwira nchito pa Makoka, pafupi ndi Zomba, anaonetsa kuti kanthambi ka msuku waukazi wa zipatso zotsekemera kakamezanitsidwa pa mbande, mtengowo ubala patapita zaka 3 kapena 4. Funsani alangizi a za nkhalango a kwanu akuonetseni kamezanitsidwe kache.

Mlombwa uli ndi khalidwe lina lonyenga. Mbande yache imera, nikula pang'ono, ndipo m'chilimwe iuma kufikira pansi. Chaka chamawa iphukanso, niumanso, ndipo itero zaka zingapo. Mwini munda ayesa yafa, naikumba ndi khasu. Koma siinafe: iri kukulitsa muzu pansi, ndipo muzuwo ukakwana, itulutsa thunthu limene silibwereranso. Zikani kamtengo pambali pache kuti olima aidziwe, ndipo muilambulire moto usafike.

Msangu ndiye bwenzi la chimanga, pakuti uchita zosiyana ndi mitengo inzache: uyoyola masamba mvula ikayamba, nubiriwira m'chilimwe. Chotero suphimba mbeu, masamba ache asanduka manyowa pa nthawi yache, ndipo nyemba zache zidyetsa mbuzi m'mwezi wa Okotobala pamene msipu watha. Khungu la mbeu yache nlolimba. Ikhuleni pa mwala mbali imodzi kufikira choyera chioneke pang'ono, ndipo musaichedwetse m'chubu, popeza muzu wache uthamangira pansi. M'munda italikirane mamita 10. Mbawa nayo ifuna mbeu zatsopano, ikonda m'mphepete mwa mtsinje, ndipo mukaibzala yokhayokha pa dzuwa mbozi iboola nsonga yache nikhala ya mphanda. Ikani pakati pa mitengo ina. Mnyamata uja anatiuzanso kuti chitsa chamoyo chiposa mbande khumi: pa ziphukira za chitsa cha mombo siyani ziwiri kapena zitatu zolimba, sadzani zinazo, ndipo muzu wakale udzazikweza msanga kuposa chiri chonse chochokera ku nazale.

Pali kanthu kamene sikanatikondweretse, ndipo sitikabisa. M'mundamo tinapezamo anthu ambiri, ena a ukwati odzajambulitsa, ena ophunzira ali ndi mabuku ao, ena ongopumula, zonsezo nzabwino. Koma ena anasiya mapepala a pulasitiki ndi mabotolo pa udzu, ndipo pa nsungwi zina anyamata analembapo maina ao ndi mpeni. Mwana wathu mmodzi anathyola duwa, mai wache namlanga pomwepo, tinamyamika maiyo. Mukapita, tumizani mau masiku akalipo kuti akupatseni wokuyendetsani, funsiranitu za cholowera pa chipata, tengani kamba ndi kabuku kolembamo, ndipo chenjerani ndi apusi, amene anatilanda nthochi ziwiri ife tikumvetsera za Linnaeus. Koposa zonse musasiye nkhalamba kumudzi poyesa kuti ulendo ngwa ana a sukulu. Tsiku lija mnyamata wophunzira uja anatulutsa kabuku kache katatu konse kulemba zimene agogo ananena.

Nanga inu a kutali, amene simungafike ku Zomba, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu? Yankho anatipatsa ndi mkulu wathu yemwe uja, pobwerera m'galimoto. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati: "Ndinanena kuti mudzandigoneka pansi pa mitengo. Ndaona tsopano kuti kumanda ndiko kokha kwatsala mitengo ya makolo kwathu kuja; amoyo tadya yathu, akufa asunga yao." Ananena zoona, ndipo nchimodzimodzi m'midzi yambiri: muwanga, mkuyu, mpoza, muula, nthudza, zimene zinatha m'minda, kumanda ziripo. Kumeneko sikulowedwa wamba, ndipo sitikutumani ana kumeneko. Koma akulu akhoza kupempha a mfumu kuti pa tsiku lolambula atole mbeu zakugwa, zikafesedwe ku nazale ya mudzi.

Pa njira tinaima pamene amai anali kugulitsa masuku m'mabeseni. Mkuluyo anagula beseni lathunthu ndi ndalama zache, nagawira ana, nawalamula kuti mbeu imodzi isatayidwe pa zenera. Anazisonkhanitsa zonse m'chipewa chache. M'mawa mwache iye ndi mdzukulu wache anakatapa dothi pansi pa msuku wokalamba umene uli kuseri kwa sukulu, nadzaza machubu pansi pa mthunzi wa nkhokwe. Loweruka lotsatira anaitana ana a m'mudzi, nayenda nao kutsata mtsinje kuyambira pa dooko kufikira ku malire, agogo aakazi aja ali pambuyo kumkonza pamene waphonya, mdzukulu akulemba. Anapeza maina 34, ndipo pa mitengo iwiri nkhalambazo zinatsutsana kufikira dzuwa kulowa.

Polemba mau ano, masuku ena m'machubu aja ayamba kutukula dothi, koma mbeu za mbawa sizinapezeke. A mfumu atuma mau kwa mlangizi wa za nkhalango. Ngati m'mudzi mwanu muli mbawa yobala, kapena mwayenda ulendo wonga uwu ndi kulemba maina a mitengo ya kwanu, titumizireni kalata, ndipo munene chinenero chimene dzina liri lonse lichokera, kaya Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe. Mwezi wamawa tidzakamba za kupalira ndi kubandira, ndi za mbozi zimene zilowa m'nsonga ya chimanga.